Kapepala ka Malovu

Lamulo limati Lolemba lililonse galu wamkazi aliyense anyambite kapepala koyezera malovu. Kakafiira ndiye kuti m'chiberekero muli mafinya, ndipo galimoto imadzamutenga. Otengedwawo sabwerako.

Galu wathu Adzatopa anali atagona masiku atatu, akungomwa madzi. Ndiye amene amatipirikitsira anyani kumunda, ndipo popanda iyeyo chimanga sitingakolole.

"Bambo a Sungeni, galimoto ija yafika kale kwa aNachisale," ndinawanong'oneza amuna anga.

"Nyambitani inuyo, mayi," anatero. "Mudzi wonse ukutero. Kapepalako sikadziwa kuti awa ndi malovu a munthu."

Ndinanyambita, n'kupachika kapepalako pachitseko monga mwa lamulo. Tinkayembekezera kuti kakhalabe koyera.

Kanayamba kufiira pang'onopang'ono, ngati ndadonthezapo magazi a nkhuku.

Amuna anga anayang'ana kapepalako, kenako anandiyang'ana ine. Panali patangotha milungu iwiri chibadwire Sungeni, ndipo za kutentha thupi ndi kupweteka kwa m'mimba ndinali ndisanawauze.

Galimoto inaima pabwalo. Munthu wovala zoyera anatsika, chingwe chili m'manja.

"Odi kuno! Wodwalayo ali kuti?"