Tsamba Lochedwa Kutseguka

Tsamba la pa intaneti la kampani ya mathiraki ya a Akbar linkatseguka mwaulesi. Mutu unkaoneka, kenako sikirini n'kungoti mbee. Panja pa ofesi, pafupi ndi chipata cha m'malire cha Mchinji, madalaivala ankadikira padzuwa kuti katundu wawo alembetsedwe asanaoloke kupita ku Chipata.

Consolata, yemwe anapanga tsambalo, anafika kuchokera ku Lilongwe m'mawa womwewo. Chimwalirireni mwamuna wake Greyson, yemwe anapsera m'thiraki ku Tete mu 2007, ankangopita kulikonse kumene abwana amutuma. Chakudya sichinkamukomera. Nyimbo zinkangomudutsa.

"Mayi, makasitomala akuthawira kwa anzathu," anatero a Akbar. "Zikakanika lero, ndiwauza abwana anu kuti tasiyana."

"Ndamva, bwana."

Anatsegula pulogalamu yoyeza nthawi imene chinthu chilichonse chimatenga kuti chioneke pa tsamba. Mawu ankabwera msanga. Mabatani nawonso analibe mlandu. Koma mzere umodzi unatalika mpaka kumapeto kwa sikirini. Chinali chithunzi chachikulu chimene wina anaika osachichepetsa.

"Vuto ndi ili. Anaika ndani?"

"Ndine. Mwezi uliwonse timaonetsa dalaivala amene wagwira bwino ntchito. Uyu ndi Goliati, watsopano, tinamujambula Lachisanu."

Consolata anadikira kuti achione chonse. Chinkatsika pang'onopang'ono kuyambira pamwamba: denga la thiraki, chipewa, chipumi, maso. Pambali panaima mayi woyembekezera, atamugwira dzanja bamboyo. Consolata anayang'ana mpaka nsapato zitaoneka. Anachichepetsa, n'kuchibwezera pamalo pake, n'kuyezanso. Tsamba linatseguka nthawi yomweyo.

A Akbar anaomba m'manja. "Basi? Kanthu kakang'ono chonchi?"

"Basi."

"Simukusangalala, mayi?"

"Ntchito yatheka, bwana."

A Akbar anasuzumira pakhomo, n'kufuulira madalaivala aja. "Muitaneni Goliati adzadzione!"

Consolata anaika manja pa mawondo. Panja wina anaseka, kenako mapazi anayamba kuyandikira pakhonde. Sanatembenuke.

Bokosi la maliro limene Consolata analilira kumudzi ku Mlonyeni linabwera lokhomeratu, ndipo palibe amene analoledwa kulitsegula. Nkhope imene inkamwetulira pa sikirini inali ya Greyson.