Wakuba Mazira wa Makutu Aatali

Dzira lachitatu a Kaliati analilandira ali pakhonde, akumeta ndevu. Jinja anafika akugwedeza kamchira, makutu ali chisoso chokhachokha, n'kulitula paphazi pawo mosamala, lopanda ndi kamng'alu komwe. A Kaliati anaponya maso kudimba kumene kunali akazi awo, a Enelesi, n'kulibisa msanga dziralo.

Jinja anali galu wa mtundu wa kokasipanyelo, mphatso yotsanzikira ya mzungu amene a Kaliati anamuphikira zaka makumi awiri ku esiteti ya tiyi ku Mulanje. Anzawo analandira njinga, ena wailesi. Iwo anatsika basi pa Migowi, chaka chimene sukulu inakhala yaulere, atafungata kagalu kofiirira ka makutu okwekwa pansi. Kwawo kwa akazi awo ku Nazombe anthu anaseka mpaka kugwira nthiti. Galu wanji wonyambita mlendo m'malo momuuwa? Galu wosamba sopo, wopesedwa, wopanidwa makutu pamutu ndi pegi ya zovala kuti asawaviike m'mbale?

Koma a Kaliati ankamukonda galuyo ngati mwana wamzime. Ana awo onse anali m'tauni, ndipo pachikamwini apa, pakati pa alamu ndi apongozi, Jinja yekha ndiye ankathamanga akamva kutsokomola kwawo.

A Enelesi anali atakhazika lamulo tsiku loyamba lomwe. "Sopo wanga athe, ndapirira. Koma tsiku limene adzakhudze dzira la nkhuku yanga, ameneyu ndikamutula kwa a Thomson."

A Thomson anali mlenje wa m'phiri la Michesi, ndipo agalu awo ankadya pokhapokha akagwira kanthu. Amati wakwata kwa mphezi saopa kung'anima, koma amene ananena zimenezo sanakumanepo ndi a Enelesi.

Tsono thadzi lakuda la mayiwo linali litangoyamba kukhalira mazira m'dengu lakale pansi pa nkhokwe. M'mawa ndi masana linkatsika kukajompha gaga. A Kaliati sanafunenso mboni: mpata wa wakuba unali womwewo. Dzira lililonse limene Jinja anabwera nalo ankalipukuta ndi malaya, n'kukwawira pansi pa nkhokwe, n'kulilowetsa kunsi kwa thadzi lija, lomwe linkawathokoza ndi mlomo. Kuti mazirawo anali angati poyamba, iwo sankadziwa, ndipo kufunsa kukanakhala kudziwotcha okha. Masiku awiri, mazira asanu ndi awiri. Tsiku lachitatu anamumanga Jinja pamtengo wa mango, n'kuuza akazi awo kuti akumuteteza ku nkhupakupa.

"Nanga manjawo atani?" anafunsa a Enelesi.

"Minga, mayi."

Masabata atatu a Kaliati anawayenda ngati wodwala mutu waching'alang'ala. Iwo monga khukhi ankawadziwa mazira. Dzira lozizidwa, loyendetsedwa m'kamwa mwa galu, limasukusa basi. Tsiku loswa likadzafika, asanu ndi awiri adzangokhala duu m'dengu, ndipo a Enelesi, amene ankadziwa nkhuku yawo kuposa mwamuna wawo, adzafufuza mpaka kupeza. Akamuchotsa Jinja chisoso chotsalira m'makutu, misozi inkalengeza.

Lamlungu lomaliza kunabwera kachitonthozo. A Lily, akulu awo a Enelesi, a nyumba ya kuseri kwa munda wa nandolo, anafika ndi mbale yovindikira.

"Alamu, laweniko. Ndi kameta wanga uja."

Kameta ameneyo mudzi wonse unkamudziwa: nkhuku yokhayo ya khosi lopanda nthenga, imene a Lily anakaigula ku Jenala n'kumainyadira ngati ng'ombe.

"Mwamupha, alamu?"

"Ndimutani? Kudya chimanga changa miyezi yonseyi, dzira olo limodzi osaliona. Chumba chenicheni."

A Kaliati anadya ntchafu yonse, n'kuyamikira mchere wake. Kachikopa anaponyera Jinja.

Lachitatu m'mawa anamva tianapiye tikulira pansi pa nkhokwe. Anadziwa kuti tsiku lija lafika. Anamusambitsa Jinja ndi sopo wotsala, kumupesa bwinobwino, kuti ngati n'kupita kwa a Thomson apite ngati galu wa munthu. Anatsimikiza mtima kuulula okha asanafunsidwe. Mwina akagwada, chilango chidzachepa.

"Bambo a Mervis! Tabwerani kuno!" anakuwa a Enelesi, kuwaitanira dzina la mwana wawo woyamba.

Anapita, Jinja pambuyo. Anapeza a Enelesi atagwada pafupi ndi dengu, manja ali m'chiuno.

"Mayi, ndili ndi mawu. Galuyu..."

"Mawu anuwo muyambe mwasunga. Ine nkhukuyi ndinaisiyira mazira eyiti. Tawerengani anapiyewa."

A Kaliati anawerama. Anawerenga, n'kubwereza.

"Fifitini."

Asanu ndi atatu anali akuda ngati mayi wawo. Asanu ndi awiri enawo anatukula timakosi tofiira, tosalala, topanda ndi kanthenga komwe. A Kaliati anakumbukira ntchafu ya Lamlungu ija: kameta wa a Lily sanali chumba ayi.

"Odi kuno!" anatero mawu a Lily kuseri kwa nkhokwe. "Ndadzera mbale yanga ija."

Jinja anathamanga kukawalandira, kamchira kali gwedegwede.