Sabata ya Julaye

"Bambo Boyd, mukangosaina, sabata ino ndi yanu chaka chilichonse," anatero Marisol, wotsatsa zipinda zatchuthi, akukankhira cholembera kwa Terrence. "Chipinda chomwechi, paki yamasewera pakhomo pomwepa."

Terrence anayang'ana mwana wake, Imani. Chithereni banja, khoti linampatsa sabata imodzi yokha ya Julaye yokhala ndi mwanayu, ndipo ankaithera m'timahotela tonunkha fodya ta m'mbali mwa msewu wa ku Orlando. Tsopano Imani anali pawindo, akuyang'ana kasitima kamasewera kakukhotakhota m'mwamba, anthu akukuwa.

"Wapakonda, mwanangu?"

"N'pokongola, adadi. Sindinaonepo zoterezi."

Mtima wa Terrence unakhala pansi. Zokonzetsa galimoto yake yokhosomola zidikire kaye, ndalamazo zipite pa chipindachi.

"Tingoona dziwe losambira, kenako ndisaina," anatero.

Atafika pachipata cha kudziwe, mlonda wachikulire anatambasula manja.

"Imani! Wabweranso? Taonani kutalika! Ulendo uno ukwera kasitima kaja basi. Nanga adadi ako ali kuti? Akuimika galimoto?"

Imani anazolika, n'kugwira dzanja la Terrence.

"Akunena ankolo Greg, amuna awo a amayi," ananong'ona. "Timabwera kuno Khirisimasi iliyonse. Sindimafuna mukhumudwe, adadi."

Marisol anakhosomola pang'ono. "Ndiye tisaine, bambo?"

Terrence anatembenukira kwa Imani.

"Dziwelo lili mbali iti?" anafunsa.

Imani anatsogola, osayang'ana n'chikwangwani chomwe.