Wapolisi Amene Sanaoneke

"Nanga inu muonekera liti, mkamwini?" a Kunhiraman anafunsanso mumdima wa holo ya kanema mumzinda wa Thalassery.

Pradeepan ankangotembenuka pampando, thukuta lili kamukamu. Pofunsira mwana wawo Sreelatha, anawanamiza kuti mufilimuyi iye akusewera ngati wapolisi. Zoona zake, anali chigawenga chobisa nkhope, chokasiya bomba padepoti ya mabasi.

Chigawengacho chinatulukira pakanemapo. Chinaika chikwama pansi, chinatukula mundu wake, nsalu yam'chiuno ija, ndi chidendene, kuupinda m'mawondo, n'kuliyatsa liwiro.

Sreelatha, amene anakhala pambali pa Pradeepan, anamutsina. "Kapindidwe kameneko n'kanu," ananong'ona. "Ndimakuonani mukamathamangira basi."

"Chonde, usanene."

Filimu itatha, a Kunhiraman anayenda nawo mpaka pogulitsira tiyi. Tiyi wa Pradeepan anazizira m'kapu.

"Apolisi onse aja mimba zokhazokha, sindinavutikenso n'kukufunani," mkuluyo anatero. "Koma chigawenga chija ndiye mwamuna. Mundu sunamasuke ngakhale polumpha mpanda. Mnyamata wotero ndikanamupatsa mwana wanga lero lomwe."

Pradeepan anatsegula pakamwa kuti aulule, Sreelatha n'kumuponda phazi.