Nthochi za Nkhanga Zitatha

Padangokhala, nyama zitayamba kugula zinthu pa foni, aliyense wofuna thobwa ankafunsa Nyani, woloza njira pa intaneti. Nkhanga, wogulitsa thobwa, ankamuninkha nthochi tsiku lililonse kuti azitchula tsamba lake poyamba. Nkhangayo ankamuseka Kamba, wogulitsa mnzake, amene ankangokhalira kulemba mitengo, kujambula mabotolo ndi kuyankha makasitomala.

"Achimwene, mudzafika pamwamba mutamera imvi," ankatero Nkhanga.

Koma pa tsamba la Nkhanga panali chithunzi chimodzi chokha, cha mawanga ake. Ofikapo ankabwerera ndi ludzu lawo.

Tsiku lina nthochi zinatha. Njovu atafunsa migolo khumi ya thobwa la ukwati, Nyani analoza kwa Kamba.

"Nanga ine, bwana?" anadandaula Nkhanga.

Nyani anadzikanda m'khwapa. "Pepani mayi, paja dzina ndani?"