Zitsulo za m'mawindo a mayi Leonor

"Wotchererani mothithikana, a Reginaldo, ngakhale mwana asalowetsepo mutu," anatero mayi Leonor, eni nyumba za lendi kufupi ndi malire a Mwanza, ataima panja pa windo.

Reginaldo anali m'kati mwa chipinda chopanda munthu, akumaliza kuika zitsulo. Aka kanali kaganyu kake koyamba chitulukireni kundende, komwe anaphunzira kuwotcherera. Masiku onsewa ankagona pakhonde la sitolo.

"Bwanji mukutchinga nyumba zonse, mayi?" anafunsa.

"Matenanti anga amva kuti kuno kwabwera munthu wochokera kundende. Akuti ndikapanda kutchinga asamuka. Boma likuti anthu otere tiziwalemba ntchito, tiziwapatsanso nyumba. Likawasunge lokha."

Mayiwo anasisita chitsulo n'kumwetulira.

"Koma inu manja anu ndi abwino. Ndamva kuti mulibe pokhala. Chipinda chimenecho chitengeni, za lendi tidzakambirana. Kodi luso limeneli munaliphunzira kuti?"

Reginaldo anawayang'ana mayiwo kudzera m'mipata ya zitsulo. Anagwira chimodzi n'kuchigwedeza ndi mphamvu zake zonse. Sichinasunthe ngakhale pang'ono. Anali atawotcherera monga momwe anamuphunzitsira.