Dzenje pa Chitini Chachisanu

Nthawi ya Chitaganya ndinkayatsa zitini za palafini pabwalo la udzu kuseri kwa Kabulonga, kuti kandege kaziona njira ponyamuka usiku. Tsiku lina kankatenga wodwala. Ndikuyatsa chitini chachisanu, ndinaona bambo ataima mu udzu, akununkha petulo.

"Ba Omali, pondani apa," anatero.

Nditaponda, mwendo unalowa m'dzenje mpaka m'bondo. Ndinathamanga kukaimitsa woyendetsa kandegeko. Ndili m'njira ndinawazindikira mawuwo. Anali a Abson, makaniko amene tinawaika m'manda kandege kena katagubuduzika n'kupsa pomwepo.

Nditabwerera sindinapeze munthu. Zitini zonse zinali zitasunthidwa kupewa dzenjelo, zikuyaka, ndipo kandege kananyamuka bwinobwino.

"Zikomo, ba Abson," ndinatero, ndikugwira m'thumba. Machesi anga munalibe.